Kuyesa njinga ya chagada ya mawilo atatu musanatulutse ndalama

Ndapalasa njinga zaka zoposa 30 muno mu Zomba, kuchokera kwathu ku Chinamwali kupita m'tauni, nthawi zina mpaka ku Thondwe tsiku la msika. Miyendo yanga ikadali ndi mphamvu, koma khosi ndi manja ndi zimene zinayamba kundikana. Ndikapalasa ola limodzi zala zinkachita dzanzi, khosi n'kuuma ngati ndatsamira mwala usiku wonse. Ndiye nditamva kuti munthu wina wochokera kunja, amene ankagwira ntchito muno, akugulitsa njinga yake yachilendo chifukwa akubwerera kwawo, ndinapita kukaiona. Inali ya mawilo atatu, awiri kutsogolo limodzi kumbuyo, yopalasa utakhala pampando wotsamira, miyendo ili kutsogolo. Eni ake amaitcha recumbent trike. Ana a kwathu atangoiona anaipatsa dzina loti njinga ya chagada, ndipo ine ndinatengera lomwelo.

Chimene ndikufuna mudziwe musanaikhudze n'komwe ndi ichi: njinga imeneyi imanyenga. Ukakhalapo sugwa, ngakhale utaima n'kukweza miyendo yonse iwiri m'mwamba. Mtima umangoti apa palibe choopsa, ndipo m'mphindi zisanu umafuna kuona kuti imathamanga bwanji. Pamenepo ndi pamene anthu amavulala, ndiponso pamenepo ndi pamene amagula chinthu chosagwirizana ndi misewu yawo. Liwiro muliyese pomalizira penipeni.

Za mtundu wake sinditalikitsa. Ya mawilo awiri kutsogolo amaitcha tadpole, ya mawilo awiri kumbuyo amaitcha delta, ndipo zothamanga kwambiri pafupifupi zonse ndi za mtundu woyambawo. Mayina amene mungakumane nawo ndi monga ICE ya ku Falmouth ku England, Catrike ya ku Florida ku America, ndi HP Velotechnik ya ku Germany. Imene ndinayesa ine inali ndi mawilo akutsogolo a mainchesi 20, lakumbuyo lalikulu la 700c, yolemera makilogalamu pafupifupi 15, ndipo mpando wake unali masentimita 20 okha kuchokera pansi. Inalibe masipuling'i. Zimenezi muzisunge, tibwereranso.

Musapite nokha. Ine ndinatenga mmisiri amene wakhala akundikonzera njinga zaka zambiri pafupi ndi msika. Njinga yotere anali asanaionepo, koma maso a mmisiri ndi ena. Ine ndikusirira utoto, iye anali atagwada kale n'kumapapasa tayala lakumanzere ndi chala chachikulu.

"Madala, tayala ili ladyekera mkati. Mawilowa sakuyang'ana kumodzi," anatero.

Ananena zoona. Mawilo awiri akutsogolo amalumikizidwa ndi kachitsulo kopingasa, ndipo akapanda kulungama bwino amakwecha msewu, matayala n'kutha msanga, njinga n'kumalemera popanda chifukwa chooneka. Kuyeza kwake n'kosavuta. Munthu akhale pampando, mahandulo awongoke, inu mutenge tepi muyeze mtunda wa pakati pa malimu awiriwo cha kutsogolo, kenako cha kumbuyo, pamsinkhu wa habu. Miyeso iwiriyo ifanane, kapena wakutsogolo uchepe ndi milimita imodzi kapena awiri basi. Ifeyo tinapeza kusiyana kwa mamilimita 6. Mmisiri anamasula manati a kachitsulo kaja n'kukonza pomwepo, mwini wake akuonerera.

Kenako gwirani wilo lililonse lakutsogolo ndi manja awiri, muligwedeze uku ndi uku. Likamachita gwedegwede ndiye kuti mabeyaling'i a chiwongolero kapena a habu atha. Gonekani njinga chammbali muyang'ane pansi pake, makamaka pamene chitsulo chopingasa cha felemu, chonyamula mawilo akutsogolo, chakumana ndi chachitali, poti mpamene mphamvu zonse zimathera. Mukaona mng'alu ngakhale waung'ono ngati tsitsi, kapena utoto wotukuka pamalo owotcherera, tsanzikani muzipita. Felemu zambiri za njinga zothamangazi ndi za aluminiyamu kapena chitsulo chopyapyala, ndipo wowotcherera mageti wa pamsewu sangazikonze bwino. Tcheni chake n'chachitali, kuyandikira matcheni atatu a njinga wamba, ndipo chimadutsa m'timapaipi ndi pakawilo kakang'ono pansi pa mpando. Kawilo kameneko mukazunguze ndi chala, mumve ngati kakulira.

Tsopano nkhani ya kutalika. Apa ndi pamene ambiri amachita ulesi, n'kumati ndingoyesa pang'ono. Ayi. Pa njinga wamba timakweza kapena kutsitsa chishalo, koma pa iyi mpando susuntha. Chimene chimasuntha ndi chitsulo chakutsogolo chonyamula mapedulo, chimene amachitcha boom. Khalani bwinobwino, matako afike kumbuyo kwenikweni kwa mpando, muike chidendene papedulo pamene ili kutali kwambiri. Mwendo uwongoke ndithu koma thako lisasunthe. Mukaika phazi mmene mumapalasira, bondo lidzakhala lopindika pang'ono, ndiye zili bwino. Mwini njingayo anali wamtali kuposa ine, moti tinabweza chitsulocho masentimita 5. Mukabweza kapena kutulutsa motero, tcheni chimakhala chachitali kapena chachifupi, choncho yesani magiya onse wilo lakumbuyo litanyamulidwa musanapite kulikonse. Tcheni chachifupi chikhoza kuthyola chosinthira magiya mukalowetsa giya yaikulu kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Onetsetsaninso kuti chitsulocho sichinapotoke pomanga maboti, apo ayi bondo limodzi lidzakuuzani mawa lake.

Kukwera kwake kulinso ndi njira. Mangani buleki yoimikira kaye. Imani kutsogolo kwa mawilo, chitsulo cha mapedulo chili pakati pa miyendo, mutafulatira mpando, kenako khalani pang'onopang'ono mutagwira matayala kapena m'mbali mwa mpando. Musakoke mahandulo pokhala kapena podzuka, sanapangidwire kunyamula munthu.

Mapazi ndiwo ndikufuna tikhalitsepo. Pa njinga wamba phazi likaterereka papedulo umangoponda pansi. Pa iyi phazi limagwera pansi kutsogolo kwa chitsulo chopingasa chija, njinga ikupitabe, ndipo mwendo umakokedwera pansi pake. Anthu athyoka miyendo motero. N'chifukwa chake okwera njingazi amavala nsapato zokolera papedulo, kapena amaika malamba ogwira chidendene. Ngati mwini njinga ali ndi mapedulo okolera koma inu mulibe nsapato zake, musapalase ndi nsapato za ku ofesi pamwamba pa tizitsulo timeneto. Pemphani aike mapedulo otakata okhala ndi mano, muvale nsapato za labala zomanga zingwe, muike pakati pa phazi papedulo, ndipo musathamange. Masilipasi ndi nkhwaila zitsale kunyumba. Ine tsiku loyamba mmisiri anandimangira malamba a chubu chakale kuzungulira chidendene. Sizinali zokongola koma zinagwira.

Malo oyambira akhale bwalo lopanda magalimoto, la dothi lolimba kapena la simenti. Ife tinapempha bwalo la sukulu ina Loweruka masana. Yambani ndi giya yopepuka, muzungulire pang'onopang'ono, mulembe nambala 8 pansi ndi mawilo. Mudzaona kuti siikhota pafupi ngati njinga wamba, ndipo mukakhotetsa kwambiri handulo kapena tayala limakhudza ntchafu. Dziwani malire amenewo muli pabwalo, musadzawadziwire pa msewu wopapatiza basi ikubwera. Manja akhale omasuka. Wophunzira aliyense amafinya mahandulo, ndiye akamapalasa njinga imangoyenda mokhotakhota, kumanzere kumanja, motsatira miyendo. Si vuto la njinga. Tsamirani ndithu, mapewa agwe, mugwire mahandulo ngati mwagwira dzira, ndipo idzawongoka yokha.

Mabuleki ake ndi osiyana ndi amene tinazolowera. Dzanja lamanja limagwira wilo lakumanja, lamanzere wilo lakumanzere. Lakumbuyo nthawi zambiri lilibe buleki, kapena lili ndi yoimikira yokha. Pabwalo pomwepo, yesani kugwira dzanja limodzi lokha muone mmene njinga ikukokera mbali imeneyo. Zina zimakoka kwambiri, zina pang'ono. Kenako gwirani onse awiri mofanana, mobwerezabwereza, mpaka manja aphunzire. Pomaliza gwirani mwamphamvu muli pa liwiro la munthu wothamanga. Mudzamva wilo lakumbuyo likupepuka, mwina kunyamuka kumene, mano a giya yakutsogolo n'kutsala pang'ono kugunda pansi. Kankhirani msana kumpando ndi miyendo, lidzakhala pansi.

Ine izi ndinaziyesa, koma ndinaiwala pamene zinafunika. Tsiku lachiwiri ndikutsika kamtsetse cha ku Mulunguzi, ndinaona mayi wina wa kutchalitchi kwathu akukwera ndi dengu pamutu. Munthu wamkulu sungamudutse osapereka moni. Ndinakweza dzanja lamanzere, ndipo chifukwa liwiro linali litakula ndinafinya buleki ndi lamanja lokha. Njinga inapatukira kumanja, pakati pa msewu, ndipo galimoto imene inkakwera inaliza hutala ili pafupi moti ndinaona nkhope ya dalaivala. Ndinabweza bwino, palibe chimene chinachitika, koma ndinaima m'mbali kwa kanthawi miyendo ikunjenjemera. Mayi aja anafika n'kundifunsa, "Abambo, muli bwinobwino?" Kuyambira tsiku limenelo, pamtsetse ndimapereka moni ndi pakamwa basi.

Kukhota ndiye phunziro lalikulu. Njinga ya mawilo awiri imapendekeka yokha pakona. Ya chagada siipendekeka, ndiye mphamvu yonse imakukankhirani kunja kwa kona, ndipo mukapitiriza wilo lamkati limanyamuka. Likanyamuka kwambiri mwagubuduzika. Mankhwala ake n'kuchepetsa liwiro musanalowe pakona, osati muli pakati pake, ndiponso kupendeketsa mapewa ndi mutu kulowera mkati mwa kona. Yesani pabwalo mwadala: zungulirani mukuwonjezera liwiro pang'onopang'ono mpaka mumve wilo lamkati likupepuka. Likatero wongolani mahandulo pang'ono, libwerera pansi. Thupi likadziwa kamvekedwe kameneko limakuchenjezani pamsewu nthawi isanathe.

Mukakhutira ndi pabwalo, pitani pa tala. Musayambire mu M3, msewu wa Blantyre ndi Liwonde uja, poti ma minibasi ndi malole sakupatsani mpata wophunzira. Ine ndinasankha msewu wa ku Jali, kupitirira Matawale, Lamulungu m'mamawa anthu asanadzuke. Musananyamuke onetsetsani zinthu zitatu izi zilipo: mbendera yaitali yowala kumbuyo, galasi loonera kumbuyo mbali ya kumanja chifukwa kuno timayenda kumanzere, ndi helemeti. Galasilo si chokongoletsera. Utatsamira motero sungacheuke ngati pa njinga wamba. Ndipo mutu wanu uli pamsinkhu wa tayala la minibasi, kutanthauza kuti dalaivala wotuluka pa siteji sakuonani mukakhala pambali pake. Ndinapempha mnyamata wina wa kabaza kuti azinditsatira kumbuyo, ndinamulipira ngati ulendo wamba. Ndalama imeneyo sindinong'oneza nayo bondo.

Pa msewu umenewo ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake anthu amaikonda. Mphepo siikumenya pachifuwa, imangodutsa pamwamba. Manja sanyamula kanthu. Maso ali kutsogolo osati pa tayala, moti ndinkaona minda ya chimanga ndi phiri la Zomba pagalasi popanda kupinda khosi. Za kuthamanga kwa njinga zogonazi si nkhani yatsopano. M'chaka cha 1933 Francis Faure wa ku France anapalasa makilomita oposa 45 pa ola limodzi pa njinga yogona ya mawilo awiri imene anapanga Charles Mochet, n'kuposa onse a nthawiyo, ndipo chaka chotsatira bungwe la UCI, loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse, linaletsa njinga zoterezi m'mipikisano yake. Komabe musamakhulupirire zimene thupi likukuuzani. Ukakhala pafupi ndi nthaka chilichonse chimaoneka chothamanga. Ine ndinkaganiza kuti ndikuuluka, koma foni imene ndinamanga pafelemu inkaonetsa makilomita 24 pa ola. Ngati mukufuna kudziwa zoona, palasani mtunda umene mumaudziwa kale pa njinga yanu yakale, muyerekeze nthawi. Ndipo musadabwe ikakhala yochedwa, chifukwa minofu imene imagwira ntchito apa ndi ina, imafuna masabata angapo kuti izolowere.

Tsopano bwererani ku zija ndinati musunge. Njinga wamba imasiya mzere umodzi pansi, iyi imasiya itatu. Dzenje limene mukanalizemba mosavuta, apa mukalizemba ndi wilo lakumanzere, lakumbuyo limagweramo. Njira yake n'kulilowetsa pakati pa wilo limodzi lakutsogolo ndi mzere wapakati, ndipo zimenezi zimafuna kuzolowera. Simungaimirire pamapedulo kuti miyendo ilandire kugunda, chilichonse chimafika pamsana. Choncho poyesa musasankhe tala wosalala yekhayekha. Funani dala malo okumbika, malo amene tala wadyeka m'mbali, ndi kamsewu kafumbi kofika pakhomo panu. M'mphepete mwa tala samalani kwambiri, chifukwa wilo lakumanzere likatsikira m'dothi njinga yonse imapendekera kungalande. Ndi bwino kutenga malo anu mumsewu n'kuoneka, kusiyana n'kudzipanikiza kumphepete. Mahampu muwayese mukuyenda ngati kamba, mmisiri atagwada pambali kuona ngati pansi pakukhula. Kwa ine hampu imodzi yaitali ya m'tauni inakhudza kawilo ka tcheni kaja, ndipo ndinaphunzira kuidutsa mopingasa pang'ono. Agalu nawo muwaganizire, poti pakamwa pawo pamakhala pamsinkhu wa nkhope yanu. Nyengo ya fumbi, lole ikadutsa, mudzafuna magalasi a m'maso.

Munthu wa ku Zomba sangagule njinga osaiyesa pachitunda. Tauni yathu inamangidwa m'tsinde mwa phiri, kulikonse kumene ungapite ukwera. Msewu wopita ku Ku Chawe ndiwo woyesera weniweni, koma tsiku loyamba musalimbane nawo wonse. Kwerani makona awiri kapena atatu mubwerere. Mudzapeza kuti pachitunda ndi yochedwa kuposa njinga wamba, poti ndi yolemererapo ndipo simungagwiritse ntchito kulemera kwa thupi. Koma ili ndi mphatso imodzi imene ina ilibe: mukhoza kukwera pa liwiro la nkhono osagwa, kuima pakati pa chitunda, kumanga buleki, kumwa madzi mutakhala, n'kuyambanso. Chofunika n'chakuti giya yopepuka kwambiri ikhale yopepukadi. Lowetsani giya imeneyo chitunda chisanakule, muzunguze miyendo mofulumira. Chiyeso chimene chimabwera n'chokankha mwamphamvu msana utakanikiza mpando, poti mpando umakulolani kukankha kuposa mmene mawondo angapiririre. Mukaona kuti pa giya yomaliza mukukankhabe ngati mukusuntha thumba la simenti, magiya a njingayo ndi a dziko lachidikha, ndipo mtengo wosinthira uchotsedwe pa mtengo wogulira. Pamalo a miyala yosakhazikika wilo lakumbuyo limaterereka pokwera, muyesenso pamenepo.

Potsika ndi pamene imaonetsa mphamvu zake zonse, ndipo ndi pamene ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti mudzigwire. Imatola liwiro mofulumira kuposa mmene mukuyembekezera. Msewu wa kuphiri ndi wopapatiza, uli ndi makona obisika, anthu otsika ndi mitolo ya nkhuni panjinga, ogulitsa zipatso m'mbali, ndipo nthawi zina anyani. Gwirani mabuleki onse awiri mwamphamvu kwa kanthawi, musiye, mugwirenso, m'malo mowakhuza ulendo wonse, chifukwa amatentha n'kuyamba kufooka. Mukaima musakhudze madisiki a mabuleki ndi chala. Kukakhala nkhungu ya chiperoni, siyani, mudzayesa tsiku lina. Liwiro likakula chiwongolero chimamva msanga kwambiri, kukhudza pang'ono njinga yasuntha kale, choncho zigongono zikhale pafupi ndi nthiti.

Zotsala ndi za pakhomo, koma zikhoza kukugwetsani mphwayi mutagula kale. Yezani m'lifupi mwake ndi chitseko cha nyumba yanu. Zambiri zimakhala pakati pa masentimita 70 ndi 80, ndipo kwathu imalowa pokhapokha nditaipendeketsa. Pamwamba pa minibasi siikwera mosavuta. Werengani manambala olembedwa pamatayala, osangodalira mainchesi. Akutsogolo akalembedwa 406 ndi ofanana ndi a njinga za ana za BMX, moti mutavutika mukhoza kupeza mumsika tayala logwirizira. Akalembedwa 451, ngakhale nawonso amatchedwa mainchesi 20, enawo salowa. Lakumbuyo la 700c ndi 622, ndipo musalole wogulitsa akupatseni la 28 la njinga zakale za kabaza, chifukwa limenelo ndi 635, silikhala palimu. Onaninso mavavu ngati pampu yanu ikugwira. Funsani mwini wake akupatseni zonse zimene wasunga: machubu, mapadi a mabuleki, kawilo ka tcheni kapadera. Kwa iye ndi katundu wolemetsa chikwama, kwa inu ndi miyezi yodikira munthu wochokera kunja.

Pomaliza pemphani kuti mugone nayo usiku umodzi, ngakhale mutasiya chikole. Ine ndinatero. Ndinapalasa maola awiri athunthu, chifukwa zina sizioneka pa mphindi 20: zala za kumapazi kuchita dzanzi poti mapazi ali m'mwamba, thukuta kumsana, khosi kufuna chotsamira mpando ukagona kwambiri. Dzanzi la kumapazi linandipeza nditadutsa ola, ndipo linachepa nditamasula zingwe za nsapato n'kusunthira phazi kutsogolo pang'ono. M'mawa mwake ndisanadzuke ndinapinda mawondo, ndinatembenuza khosi uku ndi uku, ndinafumbata manja. Ntchafu zinkawawa malo achilendo, cha kumbuyo ndi m'matako, koma mawondo anali bwino ndipo zala zonse khumi zinkamva. Ndinaimbira mmisiri kuti tikumane kwa mwini njinga 9 koloko, abwere ndi tepi yake, tikayezenso mawilo aja tisanayambe kukambirana mtengo.